Wachinyamata akanenepa mpaka kudwala: kudikira, kusintha kadyedwe, jakisoni kapena opaleshoni?

Achemwali anga anayambira pakhosi. Mwana wawo wamkazi ali ndi zaka 14, khungu la kumbuyo kwa khosi lake linada bii n'kukhuthala, ndipo iwo anangoti ndi litsiro. Anatenga chinkhupule chomwe anabwera nacho kuchokera kumudzi n'kumamukhula madzulo aliwonse mpaka khungu kusupuka. Silinachoke, chifukwa silinali litsiro. Dokotala wa kumene amakhala ku Britain atangoliona anati ndi chizindikiro chakuti thupi lasiya kumvera insulin, homoni yotsitsa shuga m'magazi. Magazi atayezedwa, mwanayo anapezeka ndi matenda a shuga a mtundu wachiwiri, aja tinazolowera kuwamva kwa azigogo. Usiku ankaliza mkonono n'kumabanika kutulo, m'kalasi ankasinza, akakwera masitepe mawondo ankamupweteka.

Nkhani itafika pagulu lathu la abale la pa WhatsApp, aliyense anali ndi mankhwala ake. Agogo ake anati, "Musiyeni mwanayo, ndi thupi la kwathu limenelo, akatalika lidzatha lokha." Amalume ake anati angomuchepetsera nsima n'kumamuthamangitsa m'mawa. Achemwali atatchula kuti kuchipatala anena za jakisoni, ndiponso kuti m'tsogolo mwina adzakamba za opaleshoni, gulu lonse linati zii. Kenaka mmodzi analemba kuti, "Mwana wamng'ono chonchi n'kumudula chifu? Ayi ndithu." Ineyo, mayi ake aang'ono, ndinali mmodzi wa okanawo. Ndinafewa nditayamba kuwerenga zimene madokotala apeza potsatira ana otere kwa zaka zambiri. Sindinafike poti opaleshoni ndi ya mwana aliyense wonenepa, koma ndinaleka kuiona ngati nkhanza.

Tikunena za kunenepa kotani

Pano sitikukamba za mwana wa masaya amene yunifolomu yamuthina. Madokotala amagwiritsa ntchito BMI: kulemera kwa munthu m'makilogalamu, kugawa ndi msinkhu wake m'mamita atauchulukitsa ndi msinkhu womwewo. Mwana wotalika mamita 1.6 wolemera makilogalamu 105 ali ndi BMI ya 41. Popeza ana akadali kukula, nambalayo amaiyerekezanso ndi ya anzake a zaka zomwezo pa tchati. Madokotala a opaleshoni ku America amayamba kuganizira wachinyamata amene BMI yake yafika 35 ndipo wagwidwa kale ndi matenda obwera ndi kunenepako, kapena amene yafika 40 ngakhale matenda asanaonekere. Matenda ake ndi monga shuga, kuthamanga kwa magazi, kubanika kutulo, mafuta m'chiwindi, kupindika kwa miyendo, kuguluka kwa fupa la m'chiuno, ndi kuchuluka kwa madzi m'mutu komwe kumayambitsa litsipa losatha n'kuwononga maso.

Musanasankhe njira iliyonse, dokotala ayenera kufufuza ngati palibe china chikumunenepetsa mwanayo. Mankhwala ena monga prednisolone, olanzapine, risperidone ndi sodium valproate amanenepetsa kwambiri. Vuto la chithokomiro limachitanso zimenezi, komanso matenda obadwa nawo monga Prader-Willi, omwe mwana samva kukhuta.

Bungwe la WHO likuti mu 2022 ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 19 okwana 160 miliyoni padziko lonse anali onenepa mopitirira muyezo, 8 pa 100 alionse, pomwe mu 1990 anali 2 okha. Ife timachedwa kuliona vutoli pa zifukwa zomveka. Kwathu mwana wonenepa amachitira umboni kuti pakhomo pali chakudya, ndipo amene tinakula m'zaka zomwe Edzi inkamaliza anthu timakumbukira mmene kuonda kunkayambitsira manong'onong'o. Kuuza agogo kuti mdzukulu wawo wojintcha akudwala n'kulimbana ndi zonsezi.

Kudikira kuti lidzatha lokha

Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa zambiri za ana mawuwa ndi oona. Apa ndi pamene amasocheretsa. Ana ambiri amene afika pa kunenepa kwa mlingo uwu amakula nako. Choopsa kwambiri n'chakuti shuga woyamba paubwana ndi waukali kuposa woyamba pa ukulu. Ku America kafukufuku wotchedwa TODAY anatsatira ana 699 a zaka 10 mpaka 17 odwala shuga wa mtundu wachiwiri. Pafupifupi theka la amene ankamwa mankhwala a shuga a metformin okha, mankhwalawo analephera kuugwira shugayo m'zaka zochepa. Zotsatira za mu 2021 zinasonyeza kuti atafika zaka pafupifupi 26, anthu 60 pa 100 alionse anali atayamba kale kuonongeka impso, maso kapena mitsempha. Pa msinkhu umene munthu akuyamba kumene ntchito ndi banja.

Pali chinanso. Opaleshoni imachotsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kulemera kwa munthu, nthawi zina kupitirirako pang'ono. Mwana wochitidwa BMI ili pa 44 akhoza kutsikira cha m'ma 30. Wodikiritsidwa mpaka ifike 60 amatsikira m'ma 40, ndipo amakhala akadali wonenepa kwambiri ngakhale opaleshoniyo yayenda bwino. Banja likasankha kudikira, lidziwe kuti lasankha, ndipo lizimuyezetsa mwanayo shuga, BP ndi chiwindi pafupipafupi.

Kusintha kadyedwe ndi masewera olimbitsa thupi

Apa ndi poyambira pa mwana aliyense, ndipo palibe njira ina yomwe imayenda popanda izi. Koma zimene madokotala amatanthauza si zija za amalume zongochepetsa mitanda ya nsima. Malangizo a bungwe la madokotala a ana ku America, American Academy of Pediatrics, a mu January 2023, amanena za maola 26 kapena kuposerapo okumana maso ndi maso ndi akatswiri a zakudya, a masewera ndi a za maganizo, m'miyezi 3 mpaka 12, banja lonse likutenga mbali. Simungamuikire mwana mbale ya masamba enanu mukudya chipisi ndi zoziziritsa kukhosi pa tebulo lomwelo.

Kwa mwana wonenepa pang'ono, izi zimathandiza ndithu. Kwa amene wafika patali, zoona zake n'zowawa. Ku Sweden, m'kafukufuku wotchedwa AMOS2 yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2023, anagawa mwamaere achinyamata 50 a zaka 13 mpaka 16. Ena anachitidwa opaleshoni, ena anapatsidwa chithandizo champhamvu chopanda opaleshoni. Patapita zaka 2, BMI ya ochitidwa opaleshoni inatsika ndi 12.6. Ya enawo inatsika ndi 0.2.

Izi sizikusonyeza ulesi. Thupi limateteza mafuta ake ngati nkhokwe m'chaka cha njala. Munthu akangoonda, homoni ya leptin yomwe imauza ubongo kuti nkhokwe ndi yodzaza imatsika, ghrelin yomwe imadzutsa njala imakwera, ndipo thupi limayamba kugwiritsa ntchito mphamvu mochepa. Kusinthaku kumakhalapobe ngakhale patapita chaka. Mwana amene akudzuka usiku kukatsegula mapoto akumva njala yeniyeni, ndipo kumukalipira kumangomuphunzitsa kudya mobisa.

Matiyi ochepetsa thupi ogulitsidwa pa Facebook musawayandikize kwa mwana. Ambiri ndi mankhwala otsegula m'mimba ndi okodzetsa basi.

Jakisoni

Njira imeneyi ndi imene yasintha nkhani yonse m'zaka zapitazi. Semaglutide, yomwe imagulitsidwa ndi dzina la Wegovy, imatsanzira homoni ya m'matumbo yotchedwa GLP-1. Imachedwetsa chakudya kuchoka m'chifu ndipo imauza ubongo kuti munthu wakhuta. Amabaya kamodzi pa sabata, kuyambira mamiligalamu 0.25 n'kumakweza pang'onopang'ono mpaka 2.4. M'kafukufuku wa STEP TEENS wa mu 2022, wa achinyamata 201 a zaka 12 mpaka 17, amene analandira mankhwalawa kwa masabata 68 BMI yawo inatsika ndi 16.1 peresenti, pomwe ya olandira jakisoni wopanda mankhwala inakwera ndi 0.6 peresenti. Mu December chaka chomwecho bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ku America, linavomereza mankhwalawa kwa ana oyambira zaka 12. Alipo ena akale ovomerezedwa pa msinkhu womwewu, monga liraglutide wobaya tsiku ndi tsiku ndi orlistat wakumwa, koma mphamvu zake n'zochepa.

Ubwino wake ndi woonekeratu: palibe mpeni, ndipo zikavuta mukhoza kusiya. Zovuta zake ndi nseru, kusanza, kutsegula m'mimba kapena kudzimbidwa, makamaka pokweza mlingo, ndipo ana ochepa amapanga miyala mu ndulu. Mtsikana woyembekezera sayenera kubayidwa.

Koma ubwino woti mukhoza kusiya ndi womwewo umene uli vuto lake lalikulu. Akuluakulu amene anasiya semaglutide anabwezera magawo awiri mwa atatu a kulemera kumene anataya, m'chaka chimodzi chokha. Ndiye kuti mwana wa zaka 14 akayamba, mukukamba za mankhwala odula a zaka zambirimbiri, mwina moyo wonse. Funso loyamba n'lakuti adzalipira ndani chaka chamawa ndi chinacho. Majakisoni osatsegula amafunika kukhala mufiriji, nkhani yosapepuka kumene magetsi amathimathima. Ndipo kumene kuli mankhwala odula osowa, achinyengo sachedwa: mu June 2024 WHO inachenjeza za semaglutide wabodza amene anapezeka ku Brazil, Britain ndi America. Jakisoni wobwera m'chikwama cha munthu, wopanda kalata ya dokotala, musamubayitse mwana wanu.

Opaleshoni: mitundu yake

Masiku ano sang'amba mimba yonse. Amaboola timabowo tochepa, n'kulowetsa kakamera ndi zida zazitali, ndipo wodwala amagona m'chipatala masiku owerengeka.

Yofala kwambiri kwa achinyamata pano ndi sleeve gastrectomy. Dokotala amadula n'kuchotsa pafupifupi magawo 80 pa 100 a chifu, chotsalacho n'kukhala chopyapyala ngati nthochi. Anthu amaganiza kuti imagwira ntchito chifukwa malo a chakudya achepa, koma imeneyo ndi mbali imodzi chabe. Gawo lochotsedwalo ndi limene limapanga ghrelin wambiri, kotero njala yeniyeniyo imazirala. Matumbo sakhudzidwa, ndiye chakudya chimadutsabe njira yake yachibadwa ndipo kuperewera kwa mavitamini kumakhala kocheperako. Kuipa kwake n'kwakuti chodulidwacho sichibwerera, ndipo ambiri amayamba kapena kukulitsa chilungulira, asidi kumabwerera kukhosi. Choopsa cha masiku oyambirira ndi kudontha pamene anasokapo. Sichichitika kawirikawiri, koma mwana akamathamanga mtima, kutentha thupi ndi kumva ululu wa m'mimba kapena wa paphewa m'masabata oyamba, abwerere kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku.

Yachiwiri ndi gastric bypass, yomwe inayamba m'zaka za m'ma 1960 ndi dokotala Edward Mason ku Iowa. Apa amapatula kachigawo ka pamwamba pa chifu, kakang'ono ngati dzira, n'kukalumikiza kumatumbo aang'ono cha kutsogolo, chakudya n'kumalambalala chifu chotsalacho ndi chiyambi cha matumbo. Imathetsa chilungulira, ndipo pa shuga ndi yamphamvu kwambiri: ena shuga wawo amatsika asanayambe n'komwe kuonda. Koma chiyambi cha matumbo chimene chalambalalidwacho ndi pomwe thupi limayamwira ayironi ndi kashiamu. Mavitamini amakhala a moyo wonse, osaphonya. Munthu akadya zotsekemera kwambiri amatha kutuluka thukuta, kunjenjemera, kuchita chizungulire ndi kutsegula m'mimba. Matumbo akhoza kupotana ngakhale patapita zaka, zomwe zimafuna opaleshoni yachangu. Brufen, diclofenac ndi fodya zimayambitsa zilonda polumikizira paja. Mowa umalowa m'magazi mofulumira kuposa kale, ndipo kwa mnyamata amene akupita ku koleji imeneyi si nkhani yaing'ono.

Yachitatu, lamba womanga pakhosi pa chifu, ndingoidutsa. Ku Melbourne mu 2010 inaoneka yothandiza kwa achinyamata, koma oposa mmodzi mwa anayi alionse anabwereranso kukachitidwa opaleshoni ina m'zaka 2 zokha, ndipo madokotala ambiri anaisiya. Wina akakuuzani kuti imeneyi ndi yabwino kwa mwana chifukwa lambayo amachotsedwa, funsani kwina.

Zimene anapeza atawatsatira

Kafukufuku wamkulu pa nkhaniyi ndi Teen-LABS, wotsogoleredwa ndi dokotala Thomas Inge. Anatsatira achinyamata 242 ochitidwa opaleshoni m'zipatala 5 za ku America pakati pa 2007 ndi 2012, ambiri a zaka pafupifupi 17 ndipo BMI yawo ili cha m'ma 53. Patapita zaka 3 anali atataya 27 peresenti ya kulemera kwawo, 28 kwa a bypass ndi 26 kwa a sleeve, kusiyana kochepa kwambiri. Mwa amene anali ndi shuga, 95 pa 100 alionse anali bwino popanda mankhwala. Mwa a BP yokwera, 74 pa 100. Atawayerekeza ndi akuluakulu ochitidwa bypass yomweyo, patapita zaka 5 shuga anali atatha kwa achinyamata 86 pa 100, pomwe kwa akuluakulu anali 53. Zikuoneka kuti kapamba wa mwana, chiwalo chopanga insulin, amakhala asanatope kwambiri, ndiye amachira. Nambala imeneyi ndi imene inandigwedeza ine.

Zotsatira za zaka 10, zomwe zinatuluka mu 2024, ndi zodekha koma zolimbikitsabe. BMI inali idakali yotsika ndi 20 peresenti, ndipo 55 pa 100 mwa odwala shuga anali adakali bwino. Ena ndithu anabwezera thupi ndipo shuga anabwerera. Palibe mankhwala amene ali ndi umboni wa zaka zochuluka chonchi pa achinyamata.

Mbali inayo iyeneranso kumveka bwino. M'zaka 3 zoyambirira, 13 pa 100 anachitidwanso opaleshoni ina ya m'mimba, ambiri kuchotsa ndulu, ndipo 57 pa 100 anali ndi ayironi wochepa m'thupi. Ku Sweden, dokotala Torsten Olbers ndi anzake atatsatira achinyamata 81 a bypass kwa zaka 5, anapeza kuti anataya makilogalamu pafupifupi 37 aliyense, koma mmodzi mwa anayi anachitidwanso opaleshoni ndipo 72 pa 100 anali ndi vuto la kuperewera kwa michere ina m'thupi. Mu Teen-LABS, achinyamata 3 mwa 161 a bypass anamwalira m'zaka 5, awiri mwa iwo m'njira yosonyeza kumwa mankhwala mopitirira muyezo.

Imfa ziwirizo zikutifikitsa pa mfundo imene ndikufuna kholo lililonse liimve. A ku Sweden aja anapezanso kuti mavuto a maganizo amene ana anali nawo asanachitidwe opaleshoni sanathe ndi kuonda. Mwana amene wakhala zaka akutchedwa mayina kusukulu, akudzitsekera m'chipinda, akudya kuti atonthoze mtima, amatuluka m'chipatala ndi chifu chaching'ono koma chisoni chili chomwecho, ndipo chakudya chimene chinkamutonthoza chachotsedwa. Chipatala chimene chilibe katswiri wa za maganizo m'gulu lake si malo otengerako mwana.

Za msinkhu, ambiri timaopa kuti mwana apinimbira. Ku Riyadh, dokotala Aayed Alqahtani anatsatira ana ndi achinyamata oposa 2,500 ochitidwa sleeve ndipo anapeza kuti anapitiriza kutalika monga mwa masiku onse. Mayiko sagwirizanabe pa nthawi yoyenera. Malangizo a ku America a mu 2023 aja amati wachinyamata wonenepa kwambiri atumizidwe kukaunikidwa kuyambira zaka 13. Ku Britain, bungwe la NICE, lopereka malangizo a zachipatala, limati opaleshoni kwa ana ichitike pa zifukwa zapadera zokha, thupi litakhwima kapena litatsala pang'ono kukhwima. Banja lokhala ku Birmingham ndi lokhala ku Texas lidzamva mayankho osiyana pa mwana wofanana.

Atsikana ali ndi zawo zapadera. Kunenepa kumasokoneza msambo, ndipo mtsikana akaonda mphamvu yobereka imabwerera mwadzidzidzi. Madokotala amalangiza kupewa mimba kwa miyezi 12 mpaka 18, nthawi imene thupi likutsika mofulumira, ndipo pambuyo pa bypass mapiritsi olerera sadalirika chifukwa sayamwidwa bwino. Nkhaniyi ndi yovuta kuikamba pakati pa mayi ndi mwana m'chikhalidwe chathu. Ngati ndi choncho, azakhali kapena namwino aikambe, koma isadumphidwe. Msambo umachotsanso ayironi mwezi ndi mwezi, ndiye kuchepa kwa magazi kumawagwira kwambiri atsikana.

Moyo wa pakhomo pambuyo pake

Masabata oyamba ndi zamadzimadzi zokha, kenaka zophwanyaphwanya monga phala lopyapyala, chambiko ndi dzira lofewa. Chakudya cholimba chimabwera pakatha mwezi kapena kuposerapo. Ngakhale pamenepo, mbale imasintha dongosolo. Ife tinazolowera kuti nsima ndiye chakudya, ndiwo n'zoperekeza. Mwana wochitidwa opaleshoni amayamba ndi ndiwo: nsomba, nkhuku, nyemba, mazira, chifukwa thupi likufuna mapuloteni kuti minofu isathe. Masamba amatsatira. Nsima imabwera komalizira, mbamu ziwiri kapena zitatu, zotafunidwa bwino. Madzi samwera pa chakudya, amadikira mphindi 30. Zakumwa za gasi amazisiya. Tsitsi limathothoka pakati pa mwezi wachitatu ndi wachisanu ndi chimodzi kenaka n'kumeranso, ndipo khungu la pamimba ndi m'manja limalendewera, zomwe zimamupweteka mtima wachinyamata kuposa mmene akuluakulu timaganizira.

Taganizani mwana ameneyu ali kwa agogo pa Khirisimasi, amuikira mitanda iwiri, iye wadya mbamu zitatu n'kusamba m'manja. Ngati abale sanauzidwe, amukakamiza, ndipo asanza. Taganizaninso ali kusukulu yogonera komweko, kumene chakudya ndi nsima ya nyemba pa nthawi yoikika ndipo palibe womukumbutsa mavitamini. Achinyamata ambiri amasiya kumwa mavitamini miyezi ingapo ikangodutsa, chifukwa akudzimva bwino. Kuperewera kwa B12 kumaononga mitsempha mwakachetechete. Mwana amene akusanza masabata angapo motsatizana akhoza kutha vitamini B1, zomwe zimaononga ubongo, ndipo ameneyo ndi wothamangira naye kuchipatala.

N'chifukwa chake ndimaopa kwambiri ulendo wongopita kunja, kuchitidwa opaleshoni, n'kubwerako pakatha sabata. Mabanja athu amapita ku India ndi ku South Africa kukafuna chithandizo, ndipo a ku Britain amakopeka ndi mitengo yotsika ya ku Turkey. M'mayiko onsewa muli madokotala aluso. Vuto si luso la wodulayo. Vuto ndi lakuti mwezi wachitatu, mwana akusanza usiku, mudzaimbira ndani? Musanagule tikiti pezani dokotala wa kumene mukukhala amene wavomera kumutsatira mwanayo. Dziwani labotale imene idzayeze ayironi, B12, folate, vitamini D ndi kashiamu kangapo m'chaka choyamba ndiponso chaka chilichonse pambuyo pake. Dziwani chipatala chapafupi chimene chingathe kuchita opaleshoni yachangu matumbo akapotana. Funsani wodulayo kuti wachitapo achinyamata angati, ndipo akupatseni lipoti lolembedwa la zimene wachita. Zimenezi zikasoweka, opaleshoniyo idikire, ngakhale ndalama zilipo.

Ndikanakhala kuti ndikusankha ndine

Kwa mwana amene BMI yake ili m'ma 30 ndipo alibe matenda aakulu, ndingayambe ndi kusintha kadyedwe ka banja lonse mothandizidwa ndi akatswiri, ndipo zikapanda kusuntha m'miyezi ingapo ndingafunse za jakisoni, ngati pali njira yodalirika youpezera kwa zaka. Kwa amene BMI yadutsa 40 ndipo shuga, kubanika kutulo kapena chiwindi zayamba kale, sindingadikire kuti njira zina zonse zilephere kaye kwa zaka zisanu. Ndingapemphe kuti akaunikidwe ndi gulu la opaleshoni msanga, uku akulandira mankhwala. Kuunikidwa si kuvomera kudulidwa, ndipo kumatenga miyezi. Njira ziwirizi sizilimbananso: ena amabayidwa jakisoni asanachitidwe opaleshoni, ena pambuyo pake thupi likayamba kubwerera.

Pakati pa sleeve ndi bypass, kwa achinyamata ambiri ndingapendekere ku sleeve, makamaka kwa amene adzakhale kutali ndi chipatala chachikulu, chifukwa mavuto a mavitamini ndi kupotana kwa matumbo ndi ochepa, ndipo ikhoza kudzasinthidwa kukhala bypass m'tsogolo. Kwa mwana wa chilungulira chachikulu, kapena wa shuga wovuta kwambiri, bypass ili ndi chifukwa chomveka. Opaleshoni siyenera kuchitika konse ngati mtsikana ali woyembekezera, ngati mwana wakhala akugwiritsa ntchito mowa kapena mankhwala ozunguza bongo posachedwapa, ngati ali ndi vuto la kadyedwe kapena la maganizo lomwe silinathandizidwe, kapena ngati mwiniwakeyo sakufuna. Makolo amasaina pepala, koma chifu ndi cha mwanayo, ndipo ndi iye adzamwe mavitaminiwo ali ndi zaka 40. Dokotala wabwino amapempha makolo atuluke kaye kuti amve za mwanayo payekha.

Mwana wa achemwali uja tsopano ali ndi zaka 16. Akumwa metformin, akubayidwa jakisoni, ndipo amagona ndi makina omuthandiza kupuma. Thupi latsikako, khosi layamba kuyera, koma shuga sanakhazikike mmene madokotala akufunira, ndipo agwirizana kuti akamaliza mayeso adzakumane ndi gulu la opaleshoni. Ali ndi kabuku komwe akulembamo mafunso ake, ndipo anandiwerengera pafoni. Akufuna kudziwa ngati zipsera zidzaoneke, ngati adzathe kubereka, komanso kuti akadzapita ku yunivesite kutali ndi mayi ake, magazi azidzayezetsa kuti. Agogo ake sanavomerebe. Achemwali akuti akadzabwera kumudzi mu December adzakhala nawo pansi, ndipo andipempha kuti ndidzakhalepo.